Katundu wogula akakana ntchito: momwe ndimayendetsera dandaulo

Munthu akabwera ndi pampu ya sola yomwe ikulephera kukoka madzi, kapena batire latsopano loti likumatha moto anthu asanagone n'komwe, sindiyamba ndi kufunsa chomwe chaonongeka. Ndimafuna ndidziwe kaye kuti anagula kwa ndani, anamuuza chiyani wogulitsayo asanapereke ndalama, ndipo padutsa masiku angati chigulireni. Mayankho amenewa ndi omwe amandiuza ngati ndalama zibwerere zonse, zibwerere pang'ono, kapena zapita.

Lamulo lake ndi Sale of Goods Act la 1967, lomwe lili pa Chaputala 48:01 cha malamulo a dziko lino. Analitengera ku lamulo la ku England la 1893, n'chifukwa chake milandu yakale ya kumeneko imatchulidwabe m'makhoti athu. Poyambira pake mpowawa kwa wogula, chifukwa limati wogulitsa salonjeza kanthu pa za ubwino wa katundu, wogula atsegule yekha maso. Kenaka limasiya makomo awiri, ndipo ntchito yanga ndi kuona khomo lomwe munthuyo angalowere.

Khomo loyamba ndi lomwe lamulo limalitcha merchantable quality. Ku England mawuwa anawasintha mu 1994, ife tikadali nawo. Tanthauzo lake m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku n'loti katunduyo akhale woti munthu wanzeru, atadziwa zilema zake zonse, angamugulebe pa dzina limenelo ndi pa mtengo umenewo. Ketulo iwiritse madzi, simenti igwire, batire lisunge moto. Koma khomoli limatseguka pokhapokha wogulitsayo ali wamalonda a katundu wa mtundu umenewo. Mukagula firiji kwa mnansi yemwe akusamuka, musayembekeze chitetezo chimenechi. Mukagula m'sitolo ya zamagetsi ku Limbe kapena ku Malangalanga, chilipo, ngakhale mwini sitoloyo atalumbira kuti iye sapanga mabatire, amangoitanitsa kunja. Sizimupulumutsa. Pa mlandu wa Grant ndi Australian Knitting Mills, womwe khoti la apilo la ku London lotchedwa Privy Council linagamula mu 1935, dokotala wa ku Adelaide m'dziko la Australia anatuluka zilonda pakhungu chifukwa cha mankhwala otsalira m'kabudula wamkati waubweya. Sitolo yomwe inamugulitsa sikanatha kuona mankhwalawo, komabe inapezeka yolakwa. Ndiye mukauzidwa kuti "pitani ku kampani yomwe inapanga", dziwani kuti mgwirizano wanu uli ndi amene analandira ndalama zanu.

Pano pali msampha. Ngati wogula anamuyang'ana katunduyo asanagule, sangadandaule za chilema chomwe akanachiona poyang'anapo. Mu 1919 khoti la ku England linakana dandaulo la anthu omwe anagula migolo ya guluu atangoyang'ana kunja kwa migoloyo chifukwa chofulumira, pomwe anali atawalola kutsegula. Choncho ndimafunsa ngati chilemacho chinali poyera kapena chobisika. Galasi la sola long'aluka pakona ndi la poyera. Batire lofooka m'kati ndi lobisika. Katundu wogwiritsidwapo kale ntchito nayenso amatetezedwa, kungoti muyeso wake umatsika. Galimoto ya zaka khumi yomwe yatha klatchi patapita miyezi si nkhani yopita nayo kukhoti, koma yoti injini yagwira tsiku lotsatira ndi nkhani ina.

Khomo lachiwiri, lomwe ineyo ndimalikonda, ndi la kuyenera ntchito yomwe wogula anatchula. Apa katundu atha kukhala wabwinobwino koma wogulitsa n'kulakwabe. Titenge pampu. Pabokosi pake pamalembedwa max head, kutanthauza kutalika kopita m'mwamba komwe ingakankhe madzi, ndipo ikafika pa nambala imeneyo madzi satulukanso n'komwe. Ngati madzi a m'chitsime ali pa mamita 35 pansi, thanki ili pa mamita 6 m'mwamba, kuonjezapo mphamvu yotayika m'mapaipi, pampu yolembedwa mamita 30 sidzadontheza ngakhale kapu imodzi, chonsecho ilibe vuto lililonse. Funso limakhala loti: kodi munamuuza wogulitsa kuya kwa chitsime, iye n'kukusankhirani pampuyo? Ngati zinatero, mlandu ndi wake, chifukwa munadalira luso lake. Ngati munangolowa n'kuloza kuti ndipatseni iyo ya kampani yakutiyakuti, lamulo limati munasankha nokha potchula dzina la malonda. Kutchula dzinalo pakokha sikutseka khomo. M'zaka za m'ma 1920 wogula wina ku England anapempha galimoto yabwino pa maulendo ataliatali, ogulitsa n'kumulimbikitsa kuti atenge Bugatti, ndipo ngakhale papepala panalembedwa dzinalo, khoti linati iye anadalira uphungu wawo. Vuto ndi umboni. Mawu a pakauntala amauluka, n'chifukwa chake ndimafufuza mauthenga a pa WhatsApp, kotesheni yolembedwa kuti "pampu ya chitsime cha mamita 35", kapena mmisiri yemwe anaperekeza wogulayo.

Ndikadziwa khomo, ndimasonkhanitsa mapepala. Lisiti ya makina imafufutika ikakhala padzuwa kapena m'thumba, ndiye ijambulidwe tsiku lomwelo. Lisiti ikasowa nkhani sinathe, uthenga wa Airtel Money, wa Mpamba kapena wa kubanki umasonyeza tsiku, ndalama ndi wolandira. Bokosi, kabuku ka malangizo ndi nambala ya katunduyo zisatayidwe.

Kenaka chilemacho chiyezedwe, chifukwa mawu oti "silikugwira ntchito" sakwanira. Batire la 12V lolembedwa 100Ah limasunga mphamvu pafupifupi 1,200Wh, ndipo la mtovu timangogwiritsa theka lake. Ndiye kuti TV ndi nyali zokoka mawati 60 ziyenera kuyaka maola pafupifupi 10. Likadzaza n'kupumula, mita iwerenge 12.6V kapena kuposerapo pang'ono. Ndimaliikanso pasikelo: la mtovu la 100Ah lenileni limalemera makilogalamu 25 mpaka 30 kapena kuposa, ndipo lolemera 15 ndiye kuti chizindikirocho n'chabodza. Pamenepo nkhani imakula, chifukwa katundu wosiyana ndi momwe anamufotokozera ali ndi ndime yakeyake m'lamulo, monganso malata a geji 32 ogulitsidwa ngati a geji 28, omwe ndi ochindikala. Mmisiri ayeze ndi kulemba lipoti losainidwa, koma asatsegule chilichonse. Akangomasula zomangira kapena kudula chidindo, wogulitsa wapeza pothawira. Yembekezeraninso kuti adzati pampu munaiyendetsa popanda madzi, kapena munalumikiza masola a mphamvu yoposa muyeso. Zithunzi za momwe zinalumikizidwira zimatseka pakamwa.

Tsopano nthawi, pomwe ambiri amagwera. Ufulu wokana katundu n'kulandira ndalama zonse umatha mukangoonedwa kuti mwamulandira. Zimenezi zimachitika mukanena kuti mwakhutira, mukachita naye zinthu ngati mwini wake monga kumugulitsa kapena kumusintha, kapenanso mukamusunga nthawi yaitali osanena kanthu. Lamulo silitchula masiku, limangoti nthawi yoyenera. Pa mlandu wa ku England wa Bernstein ndi Pamson Motors, wogula galimoto yatsopano anataya ufuluwu patangotha milungu itatu, atayenda makilomita pafupifupi 225. Ine sindidikira kuti khoti lidzandiuze ngati mwezi ndi wautali. Kalata imapita tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo katunduyo asiye kugwiritsidwa ntchito.

Kalatayo ndi ya tsamba limodzi. Imatchula tsiku logula, katundu ndi nambala yake, mtengo, zomwe wogulitsa anauzidwa, chilema, kenaka mawu osapita m'mbali oti ndikukana katunduyu ndipo ndikufuna ndalama zanga pasanathe masiku 14. Ndimapanga makope awiri, ina isainidwe ndi kudindidwa kusitolo. Akakana kusaina, pakhale mboni, ndipo chithunzi cha kalatayo chitumizidwe pa nambala ya sitolo. Lamulo silikakamiza wogula kunyamula katundu wokanidwa kukamutula, kudziwitsa kumakwanira. Ngati mwavomera kuti ayese kukonza, lembani kuti mwalola koma simunasiye ufulu wokana, ndipo musasiye katundu popanda kapepala kosonyeza kuti amulandira.

Chikwangwani cha "katundu wogulidwa sabwezedwa" chisakuopseni. Malamulo oteteza ogula, Consumer Protection Act la 2003 ndi Competition and Fair Trading Act lomwe linakonzedwanso mu 2024, salola wamalonda kudzichotsera udindo pa katundu woonongeka. Chikwangwanicho chimagwira ntchito kwa munthu yemwe wangosintha maganizo pa katundu wabwino. Waranti nayo ndi yoonjezera chabe, ikatha kapena ikapanda kuperekedwa lamulo limakhala lilipobe. Amalonda okhaokha akamagulitsana, m'pamene ndimawerenga mosamala zomwe anasainirana, chifukwa Sale of Goods Act limalola mgwirizano wolembedwa kutseka makomo awiri aja.

Masiku 14 akadutsa, dandaulo limapita ku bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission, pamodzi ndi makope a zonse zija. Ngati nkhani ndi ya muyeso, monga simenti, malata, mawaya kapena zakudya, a Malawi Bureau of Standards ndi omwe angayeze, ndipo bungwe la ogula la CAMA limathandizanso kukankha. Amalonda ambiri amagonja pamenepa.

Otsala ndi a kukhoti la majisitireti, kapena High Court ngati ndalamazo n'zambiri. Mlandu wa mgwirizano uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi zoti ukasumidwe, ndiye amene anachedwa kukana sanataye zonse: amalandira kusiyana kwa mtengo wa katundu wabwino ndi wa amene anapatsidwayo. Tomato wouma m'dimba chifukwa cha pampu angawerengeredwe ngati wogulitsa anadziwa kuti ndi yothirira, koma khoti lidzafunsa chomwe munachita kuti mbewu zisafe zonse, ngakhale kubwereka pampu ina. Ndisanalembe samani ndimatsimikiza dzina lenileni la wosumiridwa, chifukwa dzina la pachikwangwani, la palisiti ndi lolembetsedwa kuboma kawirikawiri zimasiyana, ndipo chigamulo cholembedwa dzina lolakwika sherifu sangalande nacho katundu wa munthu.