Mudzi wopanda nyakwawa

Abwana anga kuno ku Fordsburg ku Joni, komwe ndimagulitsa makapeti, kwawo ndi ku Iran. Dzulo makasitomala atasowa, ndinawafunsa kuti nyakwawa ya m'mudzi mwawo ndi ndani. Anaseka mpaka misozi.

Akuti kalekale kunali kadkhoda, yemwe anali ngati nyakwawa, koma chiyambire 1999 anthu amavotera khonsolo ya mudzi, ndipo khonsoloyo imasankha dehyar, woyang'anira misewu ndi ukhondo. Midzi ingapo pamodzi amaitcha dehestan, ngati kwa agulupu kwathu ku Mangochi, kungoti ufumu wakumtundu kulibe. Ine zimenezo zinandivuta kumeza: nanga mlandu wa mbuzi amazenga ndani?

Kalembera wa ku Iran wa 2016 anawerenga khomo ndi khomo, koma akuti anyamata ambiri anali atathawira kale ku Tehran, likulu la dzikolo, kukasaka ntchito. Apo ndinangoti zii. Inenso wa kwathu wa 2018 sanandipeze, ndinali kuno ku Joni.