Milimita imodzi pansi pa galimoto ya Formula 1

Oonera Formula 1 ambiri maso awo amathera pa mapiko, lakutsogolo lotambalala lija ndi lakumbuyo lokhala pamwamba. Mapiko amaoneka bwino pa TV, n'zoona. Koma mkangano waukulu wa mainjiniya ndi bungwe la FIA, lomwe limalemba malamulo a mpikisanowu, wakhala uli kunsi kwa galimoto, pa kampata ka pakati pa galimoto ndi phula. Kampata kameneka amakayeza m'mamilimita, ndipo pali madalaivala amene anachotsedwa pa zotsatira chifukwa cha iko.

Phiko la galimoto ya mpikisano ndi phiko la ndege lozondotsa. La ndege limakweza, ili limakanikizira pansi, ndipo mphamvu yakeyo ndi imene amati downforce. Matayala akakanikizidwa amagwira msewu kwambiri, dalaivala n'kulowa pa kona ndi liwiro limene galimoto wamba ikanangotsetsereka nalo. Mphamvuyi imakula msanga kuposa liwiro: liwiro likawirikiza kawiri iyo imawirikiza kanayi. Pa makilomita 300 pa ola imakhala yochuluka ka 9 poyerekeza ndi pa makilomita 100. Choipa cha phiko n'chakuti limakokeranso galimoto m'mbuyo. Mukaliimika kwambiri mupindula pa makona, koma pa msewu wowongoka anzanu akudutsani.

Kunsi kwa galimoto kumapereka downforce yambiri popanda kukoka kwambiri chotero. Mpweya ukalowa pa mpata wopanikizika umathamanga, ndipo mpweya wothamanga sukankha mwamphamvu ngati umene uli pamwamba pa galimoto. Galimoto imayamwidwira ku msewu. Kumbuyo mpatawo umakula pang'onopang'ono m'gawo lotchedwa diffuser, kuti mpweya utuluke bwino n'kumakoka wina kutsogolo. Galimoto ikatsika kufupi ndi phula, kuyamwako kumakula.

Timu ya Lotus ya Colin Chapman ndiyo inadya nazo bwino zimenezi poyamba, ndi Lotus 78 mu 1977 kenako Lotus 79 imene Mario Andretti anatenga nayo ukatswiri wa 1978. M'mbali mwa galimoto anaikamo timatabwa totsetsereka tokhula pansi, ma skirt, kuti mpweya wakunja usalowe kudzasokoneza kuyamwa. Chaka chomwecho injiniya Gordon Murray wa timu ya Brabham anangoika fani yaikulu kumbuyo kwa galimoto yawo ya BT46B yokoka mpweya kunsi, n'kunena kuti ntchito yake yeniyeni ndi kuziziritsa injini. Niki Lauda anapambana nayo ku Anderstorp, ku Sweden, ndipo sinapikisanenso.

Ma skirt anali oopsa pa chifukwa chimodzi. Kathabwa kakakakamira m'mwamba, kapena galimoto ikakwera pa chitunda cha m'mphepete mwa kona, mpweya unkalowa ndipo downforce inkatha nthawi yomweyo, dalaivala ali pakati pa kona pa liwiro limene matayala paokha sangalikwanitse. Mu 1981 ma skirt otsetsereka analetsedwa, n'kulamula kuti pakhale mpata wa masentimita 6 kuchoka pansi. Koma mpatawo unkayezedwa galimoto itaima. Brabham inapanga sasipenshoni yoti galimoto izitsika yokha ikayamba kuthamanga n'kukweranso ikamabwerera koyezedwa, ndipo matimu ena anatengera. Mu 1983 analamula kuti kunsi kukhale kwafulati.

Phunziro la 1981 linali lakuti galimoto yoima sikuuzani m'mene imayendera. Yankho linabwera mu 1994, madalaivala Ayrton Senna ndi Roland Ratzenberger atamwalira pa ngozi ku Imola, ku Italy: thabwa lomangidwa kunsi, pakati penipeni, lokhuthala mamilimita 10. Galimoto ikamayenda motsika kwambiri thabwalo limakhula pansi n'kumaperepeseka. Mpikisano ukatha amaliyeza m'mabowo oikika, ndipo likadyeka kupitirira muyezo, galimoto imachotsedwa pa zotsatira; muyezo umene anaika nthawi imeneyo unali wakuti litsale ndi mamilimita osachepera 9. Mwa malamulo onse okhudza mpweya, ili ndilo lanzeru koposa kwa ine, chifukwa msewu womwewo ndiwo umachita umboni. Michael Schumacher anafika woyamba ku Spa, ku Belgium, chaka chomwecho, thabwa lake n'kupezeka litadyeka kupitirira muyezo, chipambano chinapita kwa Damon Hill. Masiku ano thabwalo si lamtengo, ndi la zinthu zopanga zolimba, ndipo pa malo oyezerapo pali tizitsulo ta titanium. Moto umene mumauona ukuthetheka kunsi kwa galimoto usiku umachokera pa tizitsulo timeneti.

Kunsi kutakhala kwafulati, matimu anatembenukira ku mapiko ndi timapiko ting'onoting'ono tosawerengeka, ndipo mpweya wosiyidwa kumbuyo unakhala wosokonekera kwambiri. Malinga ndi ziwerengero za Formula 1 yomwe, galimoto ya 2021 inkataya 35 peresenti ya downforce ikakhala mamita 20 kumbuyo kwa inzake, ndi pafupifupi theka ikakhala mamita 10. Wotsatira ankatsetsereka, matayala n'kutentha, n'kubwerera m'mbuyo. DRS ya 2011, yotsegula phiko lakumbuyo ukakhala pasanathe sekondi imodzi kuchokera kwa wakutsogolo, inali chigamba chabe pa vutoli. Choncho mu 2022 FIA inabwezeretsa ngalande ziwiri zazikulu zothamangitsa mpweya kunsi kwa galimoto, popanda ma skirt.

Pamodzi ndi ngalandezo panabweranso matenda akale, kudumphadumpha kumene amati porpoising. Pa msewu wowongoka liwiro likukwera, kuyamwa kukukula, galimoto ikutsika. Ikatsika mopitirira, mpata umachepa kwambiri moti mpweya umaleka kuyenda bwino mu diffuser, kapena thabwa limagunda pansi. Kuyamwa kumatha, masipuling'i amakankhira galimoto m'mwamba, mpweya umayambanso kuyenda, galimoto imayamwidwanso. Zimenezi zimabwerezeka kangapo pa sekondi imodzi, mutu wa dalaivala ukugwedera ngati wa gulo. Ku Baku, ku Azerbaijan, mu 2022 Lewis Hamilton anatuluka m'galimoto movutikira atagwira msana. Mankhwala ake anali odziwika kwa aliyense: kukweza galimoto ndi mamilimita angapo. Koma milimita iliyonse yokwezedwa ndi nthawi yotayika pa kona, ndiye palibe timu inkafuna kuyamba. Pofika 2023 FIA inalamula kuti m'mphepete mwa kunsi mukwezedwe ndi mamilimita 15.

Mungadabwe kuti matimu a mainjiniya mazanamazana analephera bwanji kuliona vutoli galimoto isanafike pa msewu. Mbali ina ya yankho ili m'malamulo omwewo. Mu wind tunnel, chipinda chopemerera mphepo poyesa galimoto, saloledwa kuikamo galimoto yeniyeni. Amaikamo chifanizo chosaposa 60 peresenti ya kukula kwake, ndipo mphepo siyenera kuposa mamita 50 pa sekondi, omwe ndi makilomita 180 pa ola. Chifanizocho chimagwiridwa ndi chitsulo cholimba chochokera kudenga, sichidumpha pa masipuling'i ngati galimoto yeniyeni, ndipo palibe amene amafuna kuchitsitsa mpaka chikhule lamba woyenda pansi pake. Nthawi yoyesera nayonso ndi yowerengeka: kuyambira 2022 timu yoyamba pa mndandanda imapatsidwa 70 peresenti ya muyezo, yachikhumi 115 peresenti. Red Bull itapyola malire a ndalama a 2021, chilango chinali madola 7 miliyoni ndi kudulidwa 10 peresenti ya nthawi yoyeserayi.

Malamulo a 2026 akuchepetsanso mphamvu ya ngalande zija, akuchotsa DRS, ndipo mapiko onse awiri akuloledwa kusintha kaimidwe pa msewu wowongoka. Izo n'zofunika nkhani yakeyake.

Pa magalimoto a ngalande, ntchito ya Lachisanu, tsiku loyeserera, inali kupeza potsika penipeni pamene thabwa lingafike kumapeto lili ndi mamilimita 9. Injiniya amawerengera kulemera kwa mafuta a mpikisano wonse, mabampu a msewu, kuuma kwa masipuling'i, ngakhale kumene mphepo ikuchokera, poti mphepo yowomba kutsogolo imawonjezera downforce n'kutsitsa galimoto. Ku Austin, ku America, mu 2023 msewu unali wa mabampu, ndipo pokhala sabata ya sprint, yokhala ndi mpikisano wina waufupi woonjezera, matimu anali ndi ola limodzi lokha loyeserera malamulo asanatseke zosintha pa galimoto. Hamilton, yemwe nthawiyo anali ku Mercedes, anamaliza wachiwiri, ndipo Charles Leclerc wa ku Ferrari anali wa nambala 6. Atayeza matabwa a Mercedes ndi Ferrari, onse awiri anachotsedwa.