Masabata 12 ku kampani ya maakauntanti, ndi chidindo chimene chinandiyendetsa maulendo anayi

Dzulo ndi pamene ndapereka logbook yanga (buku lolembamo zimene ndinkachita kuntchito) kusukulu, tsamba lililonse lili ndi siginecha ndi chidindo, ndipo usiku wathawu ndagona tulo tofa nato. Achinyamata angapo a kutchalitchi kwathu akhala akundifunsa kuti attachment ya pa holide (kukaphunzira ntchito ku kampani sukulu itatseka) imayenda bwanji ku makampani owerengera ndalama, ndiye m'malo moyankha mmodzimmodzi ndangoti ndilembe. Za CV ndi kalata yopempha malo sindinena, mukuzidziwa kale. Chimene ndikufuna chikulowereni ndi ichi: buku lanulo lizisainidwa ndi kudindidwa Lachisanu lililonse, musanatuluke pageti. Osati mawa, osati kumapeto.

Ndinayamba Lolemba pa 2 Disembala 2024. Kampani yake si yaikulu, ili m'nyumba zakale zija anazisandutsa maofesi cha kumpoto kwa tauni ya Harare kuno ku Zimbabwe, dzina ndisatchule. Asanandilandire anafuna kalata ya kusukulu, zotsatira za mayeso, fotokope ya chitupa yotsimikizidwa, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ndilibe mlandu, ndi nambala ya akaunti ya kubanki. Fotokope yanga anaibweza chifukwa chidindo chake chinali cha mu Juni, iwo amafuna chosapitirira miyezi itatu. Pamenepo ndikanadziwiratu kuti nkhani yanga yonse idzakhala ya zidindo. Pangani mafotokope asanu nthawi imodzi, mukadinditse tsiku limodzi, sabata yomwe mukupita kukayamba.

Ndimakhala ndi agogo ku Highfield. M'mawa kombi (minibasi) yokatsikira ku Market Square, kenako wapansi kudula tauni kukakwera ina. Disembala ndi Januwale ndi nthawi ya mvula, ndipo mvula ikangoti wa madzulo, ahwindi (makondakitala) amakweza mtengo pomwepo inu mukuona. Chenji ndiye vuto lina: mupereka dola imodzi, hwindi akuti alibe, basi wakukwatitsani ndi munthu wosamudziwa kuti mukagawane nokha mukatsika. Ine ndakwatitsidwapo ndi azibambo, azimayi, tsiku lina ndi mwana wa sukulu. Ndalama imene ankatipatsa pamwezi inkathera momwemu. Nsima ndinkanyamula m'kontena, anzanga n'kumaseka kuti sadza yanga ndi yofewa ngati phala. Pofika Januwale onse anali atayamba kunyamula zawo.

Ntchito yeniyeniyo musaiope. Masiku oyamba munthu umangokhala wa fotokope ndi woboola mapepala. Kenako amakupatsa mndandanda wa mainvoisi, mwina 40, kuti ukawapeze m'mafayilo a kasitomala, uone ngati tsiku, dzina, ndalama ndi VAT (nthawi imeneyo inali 15 peresenti) zikugwirizana ndi zimene zili mu leja, n'kuchonga ndi cholembera chofiira. Amati vouching. Zikuoneka zachibwana mpaka tsiku limene invoisi imodzi yasowa, senior wako (wokuyang'anira pantchito) n'kukufunsa kuti wachonga chiyani pamenepa. Ine ndinachongapo chinthu chimene sindinachione, poganiza kuti ndichipeza madzulo. Anandigwira. Sanakalipe, anangoti: "Chongi chakocho ndi lumbiro." Manyazi ake sindidzaiwala.

Chimene kusukulu sanatikonzekeretse ndi nkhani ya ndalama za dziko lino. Mabuku a 2024 ali ndi ndalama zitatu m'chaka chimodzi. Kuyambira Januwale mpaka kumayambiriro kwa Epulo ndi dola ya Zimbabwe ija inafa. Pa 5 Epulo kunabwera ndalama yatsopano yotchedwa ZiG, ndalama zonse zakale n'kugawidwa ndi 2498.7242, nambala imene tsopano ndikhoza kuitchula ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku. Pambali pake pali dola ya America imene anthu amagulitsira zinthu zambiri. Ndiye kumapeto kwa Seputembala ZiG inagwetsedwa mphamvu tsiku limodzi, kuchoka pa 14 kufika cha m'ma 24 pa dola imodzi. Invoisi iliyonse umayamba wadzifunsa kuti ndi ya ndalama iti, ya tsiku liti, reti yake inali yotani. IAS 29 ija, lamulo la kalembedwe ka mabuku pamene ndalama ikutha mphamvu msanga, imene tinkailoweza kuti tingokhoza mayeso, kuno akuluakulu amakangana nayo m'chipinda cha misonkhano chitseko chotseka. Pa bank reconciliation (kuyerekeza mabuku ndi sitetimenti ya kubanki), timizere ting'onoting'ono ta IMTT, msonkho wa potumiza ndalama, ndi timene timakusokoneza: kasitomala wina sankatilemba n'komwe m'mabuku ake, ine n'kutha tsiku lonse ndikusaka kusiyana kwa madola ochepa. Phunzirani VLOOKUP ndi pivot table mu Excel musanapite, ndipo ngati mungapeze woti akuonetseni pulogalamu ya maakaunti ya Pastel ngakhale kwa ola limodzi, mugwireni mwendo.

Ndaiwala kunena za abambo a pageti. Tsiku lachitatu agogo anandiimbira foni ndili panja, ndikuyankha m'Chichewa. Nditadula, mlonda uja, munthu wachikulire wa imvi, anandiyang'ana n'kuti: "Kodi iwe ndiwe wa kwathu?" Makolo awo anachokera ku Dedza, agogo anga aamuna ku Ntcheu. Kuyambira tsiku limenelo ndinali "mwana wanga". Ndi iwowo amene anaona buku langa lili m'manja Lachisanu loyamba n'kundifunsa ngati asaina. Ndinati abwana anena kuti tidzasaina zonse pamodzi kumapeto. Anapukusa mutu. "Mwana wanga, pano pepala lopanda chidindo ndi lokulungira mandasi. Ana ambiri ndawaona akulira pa benchi ilo." Ine ndinaseka. Ndinaseka ine, wa mutu wanga womwewu.

Pa 31 Disembala, anthu akugula nyama ya chaka chatsopano, ife tinali ku Workington m'nyumba yosungira katundu, pa stock count, kuwerenga katundu kwa kumapeto kwa chaka. Ndinapita nditavala nsapato za muofesi, malaya oyera. Musachite zimenezo, bwerekani nsapato zolimba. Kasitomala amawerenga katundu wake, inu ntchito yanu ndi kutsimikiza: mumasankha zinthu papepala n'kukaziona pansi, kenako kusankha za pansi n'kukaziona papepala. Senior anandiuzanso kuti ndilembe nambala ya lisiti lomaliza la katundu wolowa ndi wotuluka, kuti wina asadzalowetse malonda a Januwale m'chaka chatha. Panali mulu wa makatoni a penti, asanu ndi limodzi m'litali, anayi m'lifupi, asanu kukwera. Wosunga katundu anati 120, ine n'kulemba. Senior anabwera, n'kukankha katoni ya pakati ndi bondo. Inagwedera ngati chipewa. Titaphwasula mulu wonse, makatoni asanu ndi anayi a m'kati anali opanda kanthu. Wosunga katunduyo anayamba kufotokoza za mbewa, ngati mbewa zimamwa penti. Tinawerenganso shedi yonse kuyambira pakhomo, magetsi atazima, tikuunikira ndi mafoni. Ndinafika kunyumba cha m'ma 9 usiku, malaya ngati ndimapala moto. Koma kunena zoona, tsiku limenelo ndi limene ndinaikonda ntchitoyi.

Tsopano nkhani ya buku. Sukulu yathu imafuna kuti sabata iliyonse ulembe zimene wachita, manijala asaine, ndipo padindidwe chidindo cha kampani. Manijala wanga anali mayi wabwino ndithu, wodziwa ntchito, koma Januwale ndi Febuluwale ndi nthawi imene maodita sapuma, chifukwa makampani ambiri amatseka mabuku pa 31 Disembala. Ndikapita ndi buku, "siya patebulo." Ndikalisiya, ndilipeza pansi pa mafayilo losakhudzidwa. Ndinatopa, n'kuvomera zoti kumapeto. Tsiku langa lomaliza linali Lachisanu pa 21 Febuluwale. Sindinayang'ane kalendala. Pa 21 Febuluwale ndi holide ya achinyamata, maofesi onse otseka. Ndinazindikira Lachitatu madzulo, ndipo Lachinayi mayi aja anali atanyamuka kale kupita kwa kasitomala ku Mutare.

Lolemba ndinabwerera, tsopano ngati mlendo, khadi la pakhomo nditabweza kale. Anali asanabwere. Ulendo woyamba umenewo. Lachitatu ndinawapeza, anasaina masamba onse 12 ataimirira, foni ili pakhutu. Mtima unakhala pansi. Ndikuti chidindo, akuti chili kwa sekilitale wa partner, mmodzi wa eni kampani. Sekilitaleyo wapita kumaliro ku Masvingo, kiyi wa dirowa wapita naye. Kampani yonse, anthu oposa makumi awiri ophunzira bwino, owerengera ena mamiliyoni, chidindo n'chimodzi ndipo kiyi wake ali kumaliro.

Ulendo wachitatu ndi umene unandipsetsa mtima. Anandiuza pafoni kuti ndibwere Lachisanu m'mawa. Ndinafika 8 koloko isanakwane. Sekilitale analipo, dirowa yotsegula, chidindo ndikuchiona ndi maso angawa pambali pa kapu yake ya tiyi. Akuti sangadinde popanda chilolezo cha partner. Partner ali mumsonkhano. Ndinakhala pa benchi lija, lomwe lija abambo a pageti analoza mu Disembala. Cha m'ma 11 akuti watuluka pang'ono. Masana akuti ali ku nkhomaliro ndi kasitomala. Anzanga amene tinkadya nawo nsima akudutsa ndi malaputopu, "ukadali pano?" Foni inatha moto. Njala inandigwira koma ndinkaopa kusuntha kuti angabwere ine kulibe. Cha m'ma 3 abambo aja anabwera n'kundinong'oneza: "Galimoto yoyera ikangolowa, usadikire kuitanidwa. Ima pamalo oimika magalimoto, upereke moni mwaulemu, buku lili m'manja." Ndinatero. Partner anayang'ana buku, n'kundiyang'ana ine, n'kuti, "Bwanji sunanene?" Kudinda kwake sikunathe mphindi ziwiri. Maola asanu ndi atatu chifukwa cha mphindi ziwiri.

Mukuganiza kuti zathera pomwepo? Kusukulu, mayi wolandira mabuku anatsegula tsamba ndi tsamba, kunyowetsa chala ndi malovu, n'kuima pa sabata yachinayi, ya Khirisimasi. Siginecha ilipo, chidindo palibe. Masamba awiri anamatirirana podinda. Ndinawachonderera kuti sabata imeneyo tinagwira masiku awiri okha, iwo akuti lamulo ndi lamulo. Ulendo wachinayi. Ndiye mukadinditsa, werengani zidindozo muli pomwepo, chimodzichimodzi, ngati makatoni a penti aja. Ndipo ndibwerezenso, musalole mawu akuti kumapeto. Lachisanu lililonse, ngakhale akuoneni ngati ntchentche.

Ena munafunsa ngati masabatawa amachotsedwa pa zaka za articles, zija munthu amaphunzira ntchito mu ofesi akamaliza digiri. Kwa ine anandiuza kuti ayi. Amene akufuna kudzakhala chartered accountant kudzera ku ICAZ, bungwe la maakauntanti a m'dziko muno limene lakhalapo kuyambira 1918, amasaina kontirakiti yakeyake ya maphunziro ndi ofesi yovomerezeka akamaliza digiri, ndipo mayeso ake ndi ena. Amene amasaina lipoti la audit ayenera kukhala wolembetsedwa ku PAAB, bungwe loyang'anira maakauntanti ndi maodita. Ena mu ofesimo ankatsata njira ya ACCA, bungwe lina la maakauntanti, kumawerenga usiku akaweruka. Phindu la attachment ya holide n'lakuti akudziwe nkhope, kuti podzasankha ana a articles dzina lako lisakhale lachilendo. Funsani mafunso kwa masenior, amayankha bwino akakhala m'galimoto popita kwa kasitomala kusiyana ndi muofesi. Tsiku lomaliza musachoke osatenga nambala zawo.

Agogo akungondifunsa kuti, "Nanga ntchitoyo akupatsa?" Ndawauza kuti ndikadali ndi chaka china kusukulu, sakumva. Andipatsa paketi ya tiyi ndi shuga kuti ndikapereke kwa abambo a pageti, akuti munthu wa kwathu sathokozedwa ndi pakamwa pokha. Ndipita Lachinayi. Ndikukatenganso kalata yondichitira umboni imene manijala analonjeza, ndipo andiuza kale pa WhatsApp kuti yalembedwa, yasainidwa, yangotsala chidindo.