Chigamba cha pansi pa chitseko: mmene ndimatetezera msoko ku dzimbiri

Galimoto zambiri zochokera ku UK zimafika kuno zitadyeka kunsi, chifukwa kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi yozizira. Imene ndikufotokoza pano inali Toyota Corolla, chitsulo cha pansi pa chitseko chakumbuyo chitabowoka moti chala chimalowa. Kuwotcherera chigamba sikundidetsa nkhawa kwenikweni. Chimene ndimaopa ndi msoko, pamene zitsulo ziwiri zasanjikizana, poti madzi amabisala m'menemo ndipo penti safikamo.

Ndisanagwire makina owotcherera ndinamasula batire, n'kuchotsa kapeti ndi mawaya oyandikira. Kenaka ndinadula chitsulo chowolacho mpaka kufika pa cholimba, chowala. Apa sindinyengerera, chifukwa dzimbiri ukalisiyako pang'ono limapitiriza kudya pansi pa chigamba. Chigambacho ndinachidula pa lata lokhuthala mamilimita 0.8, n'kuboola m'mphepete mwake mabowo owotchereramo a mamilimita 6, otalikirana masentimita atatu kapena anayi.

Mbali ziwiri zimene zikagundane ndinazipala ndi galayinda, n'kuzipukuta ndi mankhwala ochotsa mafuta. Musayerekeze kupukutira brake cleaner (mankhwala otsukira mabuleki) wokhala ndi chlorine pamalo oti muwotchererepo. Akakumana ndi moto wa makina amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa phosgene. Zitauma ndinapoperapo weld-through primer, penti woyambirira wotheka kuwotchererapo, amene amakhala ndi zinki kapena kopa. Ntchito yake ndi kuteteza mkati mwa msokowo, momwe dzanja silidzafikanso mukangotseka. Amafunika wochepa chabe, kungophimba chitsulo. Nditapanikiza chigamba ndi zopanira, ndinapala primer amene amaonekera m'bowo lililonse mpaka chitsulo kuwala, poti zinki akatsala m'bowomo moto umathetheka ndipo chowotchereracho chimadzaza timabowo. Utsi wa zinki umadwalitsanso, thupi limaphwanya ngati malungo, ndiye ndimagwirira pa mpweya wabwino nditavala chotchinga kupuma.

Powotcherera ndinagwiritsa ntchito MIG, makina owotcherera otulutsa okha waya, ndi waya wa mamilimita 0.6. Lata lopyapyala chonchi silifuna mzere wautali kamodzi, limapindika. Ndimadontheza apa, n'kulumphira uko, kudikira pazizire, mpaka madontho onse atalumikizana. Ndikatha ndimapala mosamala kuti ndisapyapyalitse chitsulo cha m'mbali, kenaka ndimaika tochi kuseri. Paliponse pamene kuwala kwatulukira, madzinso adzalowera pomwepo, ndiye ndimabwerezapo.

Tsopano apa ndi pamene ntchito zambiri zimawonongekera. Ndaonapo magalimoto amene wokonza anangopaka seam sealer (phala lomatira msoko) kapena fila (phala losalazira) pa chitsulo chopanda kanthu, pamwamba n'kuthira penti wonyezimira. Mwini wake amapita akusangalala, koma mvula ya dzinja limodzi ikadutsa penti amayamba kutukusira matuza motsatira msoko. Zimandiwawa, poti munthuyo analipira ndalama zake. Ine ndimayamba ndachotsa weld-through primer yense wotsalira panja pa msoko, chifukwa penti sagwira bwino pa iyeyo. Ndikapukuta ndimathira epoxy primer, penti woyambirira wosakaniza ndi hardener (mankhwala omulimbitsa) monga momwe chitini chanenera, n'kumusiya aume nthawi imene yalembedwa pamenepo. Epoxy amamatirira chitsulo n'kutsekereza chinyezi. Primer wamba wotuwa uja, wopangira kukwecha, amamwa madzi, ndiye sangalowe m'malo mwake.

Sealer amabwera pamwamba pa epoxy. Ndimagwiritsa ntchito wa polyurethane, wofinya m'chubu. Alipo ena opangidwira kupaka pa chitsulo chenicheni, koma chubucho chimachita kunena, ndipo ngakhale atero ine ndimakondabe kuyamba ndi epoxy. Silikoni wa kubafa ayi ndithu: penti sagwirapo, ndipo wonunkha viniga uja amachititsa dzimbiri. Ndinamata tepi mbali zonse za msoko, kufinya sealer, n'kumukankhira mkati ndi kabulashi kolimba kuti alowe m'mng'alu, asangoyandama pamwamba. Tepi ndinaichotsa sealer adakali wofewa kuti m'mphepete mukhale mosalala. Mabowo otulukira madzi a kunsi kwa chitsulocho ndinawasiya otsegula. Mukawamata, madzi olowera kumtunda amasowa potulukira, amangokhala m'katimo.

Sealer atauma ndinathira primer wina, kukwecha, n'kupenta. Kunatsala kuseri kwa chigamba, m'kati mwa mphako, kumene moto unapsereza chilichonse chimene chinkateteza chitsulo. Kumeneko ndinalowetsa kapaipi kudzera pa bowo la pulagi ya labala, n'kupopera cavity wax, phula loteteza ku dzimbiri, mpaka atayamba kudontha pa mabowo a madzi aja. Wax ameneyu amabwera pomaliza penipeni, penti atauma, chifukwa amayaka moto ndipo akadonthera pamalo oti papentedwe penti sagwira. Mwini galimoto ndinamuuza kuti azitsuka matope a kunsiko nthawi ya mvula, ndipo aziyang'ana kuti mabowowo sanatsekeke.