Amalume aona zimene ndimachita pa foni

Tulo takana, ndiye ndingolemba. Amalume anafika masana kuchokera ku Santhe, akuti adzaone ngati ndalama za fodya amene anagulitsa ku Chinkhoma zalowa kubanki. Titadya nsima magetsi anathima, tinatuluka kukakhala pakhonde. Iwo anayamba kusinza pampando, ine n'kutulutsa foni, n'kulowa mu gemu ya Old School RuneScape monga ndimachitira madzulo ambiri. Mu gemumo ndinali pachilumba cha Karamja, m'phanga la pansi pa phiri lamoto muja mumakhala zilombo zofiira za nyanga. Munthu wanga anali atavala mkanjo wabuluu ndi chipewa chosongoka, ndodo ili m'manja, akuponya moto. Sindinamve kuti amalume adzuka ndipo aima kumbuyo kwanga.

"Mphwanga, cha nyangacho n'chiyani?"

"Ndi gemu chabe, amalume."

"Nanga wa mkanjoyo, akuponya motoyo, ndani?"

"Ndine."

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anabwerera pampando, n'kuyamba kuyankhula motsitsa mawu ngati pali maliro. Akuti iwe munthu wa ndevu, woti Ogasiti akubwerayu tikukakhala pansi ndi akuchikazi, ukuseweretsa ziwanda pa foni? Ine nkhoswe yako ndikaima bwanji anthu akamva kuti mkamwini wawo amadzisandutsa mfiti pa intaneti? Anawonjezanso kuti masewera ndi a ana, mwamuna akaweruka kuntchito amaganiza za mawa.

Manyazi amene anandigwira sindingathe kuwafotokoza. Nkhope inatentha, foni ndinaivundikira pantchafu, ndipo chimene ndinangonena n'chakuti "ndamva, amalume." Chikundiwawa tsopano n'chakuti mumtima ndikudziwa kuti palibe choipa ndinachita, koma pakamwa panauma.

Za ufitizo sindikuwaseka ayi. Kwathu kuno dzina limenelo limapha. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe tonse timamva za agogo omenyedwa ndi kuotcheredwa nyumba chifukwa cha mphekesera. Amalume ndi mkulu wa mpingo, aweruzapo nkhani zotere, ndiye akaona nyanga ndi moto pagalasi la foni mantha awo ndi enieni. Ndikanakonda ndikanawakhazika pansi n'kuwauza kuti zimenezi anajambula ndi anthu a kampani ya Jagex ku Cambridge, ku England. Gemuyi inayamba mu 2001, imene ndimasewera ine ndi ya maonekedwe a mu 2007 imene anaibwezeretsa mu 2013, ndipo pa foni inafika mu 2018. Zithunzi zake n'zachikale, n'chifukwa chake foni yanga yotchipayi imakwanitsa, bandulo nayonso siitha msanga ngati poonera mavidiyo. Ndipo nthawi yambiri mulibe n'ziwanda zomwe. Umadula mitengo, umawedza nsomba n'kuziotcha, zina zimapserera, umakumba miyala ya chitsulo, kenako umapita kumsika waukulu wa ku Varrock kukagulitsa. Mitengo ya katundu imakwera ndi kutsika malinga ndi kuchuluka kwa ogula. Mlimi wa fodya ngati iwo akanaumva msanga msika umenewo kuposa wina aliyense.

Koma za kuti ndi zachibwana, apo pokha pandipweteka kwambiri, mwina chifukwa si amalume okha. Kushopu kumene ndimagwira ntchito, kasitomala akasowa ndimatsegula gemu pansi pa kauntala, mnzanga akayandikira ndimasintha msanga n'kunamizira WhatsApp. Pamene iyeyo amabetcha matimu a ku England poyera, malipiro amatha mwezi usanafike pakati, amabwera kudzandikongola ya kabaza, ndipo palibe amamutcha mwana. Abambo a pansi pa mtengo paja amakhala pa bawo mpaka dzuwa kulowa, anthu amati ndi akatswiri. Bawo ndimaikonda, anandiphunzitsa ndi amalume omwewa, ndipo sindikuona chifukwa choti kuwerenga njere m'maenje kukhale nzeru pamene kuwerenga zanga za pa foni kukhale kupusa. Ine sindibetcha, sindimwa, ndalama imene imalowa ndi ya bandulo basi.

Masiku ano ndakhala wokwiya msanga. Zokonzekera chinkhoswe zandifinya, aliyense ali ndi mndandanda wake wa zogula, ndipo ola limodzi la usiku lija ndi lokhalo limene palibe amandifunsa ndalama. Mwina n'chifukwa chake mawu a amalume alowa chonchi.

Anatinso zinthu zimenezi zimazunguza mutu. Apa sindingatsutse zonse. Bungwe la zaumoyo la WHO mu 2019 linavomereza kuti kulowerera m'magemu ndi vuto la thanzi, koma linanena momveka kuti ndi pamene munthu walephera kudziletsa, gemu yaposa ntchito, banja ndi chakudya, akupitirizabe ngakhale zinthu zikuonongeka, ndipo kawirikawiri zikhale zitatenga miyezi 12. Ine ndimatsegula shopu nthawi yake, lendi ndimalipira, kutchalitchi ndimapita. Ndadzifunsa moona mtima usiku uno ndipo sindikudziona m'menemo.

Chimene amalume sakudziwa n'cha chaka chatha, mayi atagonekedwa m'chipatala. Usiku ndinkakhala panja pa wodi, udzudzu ukundidya, aliyense wodziwana naye atagona. Anthu a m'gulu lathu la mu gemu ndi amene anali maso, chifukwa nthawi ya kwawo ndi yosiyana ndi yathu. Wina ndi namwino ku Philippines, ankandifunsa kuti mayi adya, ankandiuza zoti ndikafunse adokotala m'mawa. Wina wa ku Brazil Chingerezi chake n'chothyokathyoka ngati changa, koma tsiku lililonse ankayamba ndi kufunsa za mayi tisanapite kukawedza. Nkhope zawo sindinazionepo. Ndingawauze bwanji amalume kuti anthu amenewa ndi anzanga, iwo osaganiza kuti ndiwo a satana aja?

Bwenzi langa amadziwa kuti ndimasewera pa foni, koma amayesa ndi mpira. Sindinamuonetsepo. Pokagona amalume anati nkhaniyi sithera pano, akafika kumudzi akakambirana ndi mayi, ndipo andiimbira Lamlungu akatuluka m'tchalitchi. Ndiye kuti ndili ndi Loweruka lokha loti ndimuonetse ndekha asanamve kwa ena. Ndikuganiza zoyambira kumsika wa ku Varrock, kapena kowedza nsomba, za mkanjo zibwere pambuyo. Koma akandifunsa kuti bwanji sindinamuuze kale, pamenepo sindinapeze choyankha.