Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Usiku Umene Unanditumiza ku Chatinkha

Gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinamaliza internship, ntchito yoyamba ya dokotala watsopano moyang'aniridwa, ya miyezi 18, boma n'kunditumiza kukagwira ntchito pachipatala cha m'boma lina la m'chigawo chapakati. Nthawi imeneyo mtima wanga unali pa matenda a ana. Ku leba wodi ndinkapitako pokhapokha atandiitana.

Usiku wina wa mvula ambulansi inafika ndi mayi wochokera kuchipatala chaching'ono cha kumudzi. Anali atachira kale mwana wake wachisanu, nsengwa itatuluka, koma magazi sankaleka. Zitenje zitatu zimene anamuyalira zinali chonyowa chokhachokha. Apongozi ake, omwe anali gadiyani, anaima pakhomo atafungata khanda, osalankhula kanthu. Mzamba wamkulu, amene anayamba ntchito ine ndili kupulayimale, anandigwira dzanja n'kuliika pamimba pa mayiyo.

"Adokotala, tamvani chiberekero ichi. Chafewa ngati phala."

Mayi akachira, chiberekero chimayenera kuuma gwa kuti chitseke mitsempha pamene panali nsengwa. Chikalefuka, magazi amangoyenda, ndipo akapitirira mamililita 500 timadziwa kuti moyo uli pachiswe. Tinabaya oxytocin, tinapereka misoprostol, mankhwala oumitsa chiberekero, tinaika madilipi awiri. Ndinalowetsa chibakera mkati, dzanja lina pamimba, n'kupanikiza chiberekero pakati mpaka mikono inachita dzanzi. Kenaka asisitawo anamangirira kondomu kunsonga ya kathita, tinailowetsa m'chiberekero n'kuidzaza ndi madzi a dilipi. Magazi anayamba kuchepa cha m'ma 4 koloko.

Mayiyo anapulumuka. Koma ine ndinakhala pabenchi panja ndikunjenjemera, chifukwa ndinkadziwa kuti kondomu ija ikanalephera, chotsala chinali kuchotsa chiberekero, ndipo manja angawa sankaidziwa ntchito imeneyo. Ndinali ndi digiri, anthu ankanditcha adokotala, komabe mayi wa ana asanu akanafera m'manja mwanga. Sabata yomweyo ndinayamba kufunsa za maphunziro a ukadaulo wa uchembere ndi matenda a amayi.

Mayi anga sanakondwe. "Mwanawe, zaka zina zinayi? Nanga banja udzalisamala liti?" Anali ndi mfundo, ndipo sindinawanyoze. Ndinangowafotokozera za zitenje zitatu zija. Anakhala chete kwa nthawi, kenaka anandiuza za mng'ono wawo amene anamwalira pochira kumudzi ine ndisanabadwe. Nkhani imeneyi anali asanandiuzepo.

Choncho ndinabwerera ku Blantyre, ku College of Medicine komwe ndinaphunzira udokotala, imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Tsopano ndinali registrar wa MMed, dokotala wophunzira digiri ya ukadaulo, ndipo kwathu kunali ku Gogo Chatinkha, mbali ya amayi ya chipatala cha Queen Elizabeth.

Miyezi yoyambirira inandiumba. M'mawa uliwonse amene wagona pakolo, kutanthauza pa ntchito ya usiku, amaimirira pamaso pa akuluakulu kufotokoza mayi aliyense amene anamuona usiku: anabwera nthawi yanji, khomo la chiberekero linali litatseguka masentimita angati, partograph, pepala lolembapo mmene kubereka kukuyendera, inkaonetsa chiyani, n'chifukwa chiyani unadikira kapena unathamangira ku thiyeta. Poyamba ndinkaopa mafunsowo. Patapita nthawi ndinayamba kudzifunsa ndekha ndili pambali pa bedi, ndipo ndipamene ndinaona phindu lake. Mlingo wa magnesium sulphate, mankhwala a mayi amene wakomoka ndi BP, magalamu 4 mumtsempha ndi magalamu 5 thako lililonse, unandilowa m'mutu moti ndingautchule mutandidzutsa pakati pa tulo. Ndinaphunziranso kufunsa za mwanamphepo, mankhwala achikuda ofulumizitsa kubereka, mofatsa, chifukwa ukakalipa gadiyani amabisa, pamene iwe ukufunika kudziwa chimene chikuchititsa chiberekero kukoka mopitirira muyeso.

Tsiku ndinkaliyembekezera linafika m'chaka chachiwiri. Mayi wina anabwera chiberekero chitaphulika pachipsera cha opaleshoni yakale, chitang'ambika moti kusoka kunali kosatheka, ndipo chotsala chinali kuchichotsa. Dokotala wamkulu anasamba m'manja, koma anakaima mbali ya wothandizira.

"Lero muchita ndinu. Ine ndili pano."

Thukuta linkatsikira m'maski. Nditafika pa mtsempha waukulu wa chiberekero anandiimitsa: "Musamange kaye. Njira ya mkodzo ili pati?" Njirayi, yochokera ku impso kupita ku chikhodzodzo, imadutsa pansi pa mtsemphawo, pafupi kwambiri, ndipo ukaimangira limodzi wavulaza impso. Ndinaifufuza ndi zala mpaka ndinaimva, ndinakankhira chikhodzodzo pansi, ndipo ndinamanga.

Patatha masiku atatu ndinamupeza mayiyo atakhala tsonga akumwa phala. Mwana wake sanapulumuke, ndipo inali ntchito yanga kumufotokozera, mwamuna wake ali pomwepo, kuti sadzaberekanso. Za kukambirana kumeneko ndidzalemba m'gawo 10.