Mmene ndinapezera vuto la buleki yolowa pansi

Ndinayamba kukayikira mabuleki a Toyota Corolla yanga ndikutsika chitunda cha Golomoti kuchokera ku Dedza, pamene chopondera chinayamba kulowa pansi kuposa masiku onse. Galimoto inkaima ndithu, koma pamsewu wokhotakhota ngati umenewo sindinafune kuyesa mwayi, choncho ndinatsika ndi giya yachiwiri mpaka kuchigwa.

Nditafika kunyumba ndinatsegula boneti n'kuyang'ana kabotolo ka mafuta a mabuleki. Mafutawo anali pakati pa MIN ndi MAX, ngakhale anali atada chifukwa chokhalitsa. Ndinasuzumira kuseri kwa tayala lililonse, makamaka akumbuyo amene ali ndi madiramu, ndipo sindinapeze podontha. Booster, chipangizo chothandiza phazi kuti buleki isalimbe poiponda injini ikamalira, nayo ndinaichotsa msanga pamndandanda wa zokayikitsa: injini ili yozima ndinapopa buleki kasanu mpaka inalimba, ndipo nditaliza injini phazi lili pomwepo, chopondera chinatsika pang'ono monga chiyenera kuchitira.

Apa ndi pamene ndinafatsa kwambiri, chifukwa panatsala zinthu ziwiri zimene ambiri amazisokoneza. Mpweya ukalowa m'mapaipi, buleki imakhala yofewa ngati siponji, koma ukaipopa kangapo imakwera n'kukhazikika. Yanga sinkatero. Ndikaponda mwamphamvu kamodzi inkalimba bwino, koma ndikangotsamiza phazi mopepuka kwa masekondi pafupifupi 30, inkamira pang'onopang'ono mpaka kutsala pang'ono kugunda pansi. Popeza mafuta sankachepa, ndinazindikira kuti sakutayikira kunja, koma akudutsa timphira totha ta m'kati mwa master cylinder, pampu yokankhira mafutawo kumatayala ukaponda buleki, n'kubwerera m'kabotolo. Ndikanangothamangira kugula ma pad atsopano (tizidutswa tofinya chimbale cha tayala kuti liime), monga mnzanga wina anandilangizira mokoma mtima, ndikanawononga ndalama vuto lili pomwepo.

Ntchito yosintha master cylinder ndinaipereka kwa makaniko, chifukwa pa mabuleki sindifuna kuphunzirira. Tinathira mafuta atsopano a DOT 3, monga mwalembedwa pachivindikiro cha kabotolo, kenako tinachotsa mpweya kuyambira tayala lakumbuyo kumanzere, limene lili kutali kwambiri ndi master cylinder, ine ndikupopa ndi kugwira, iye akumasula ndi kumanga kanati kotulutsira mpweya mpaka thovu litatha. Tisanatulutse galimoto pamsewu, ndinatsamizanso phazi kwa mphindi yathunthu, ndipo chopondera sichinasunthe.